Foda ya pa seva ikutseguka yopanda kanthu magetsi akabwera, tithandizane

Nachisale
Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kufotokopa kuno ku Zomba. Makompyuta a kutsogolo alipo anayi, onse pa Linux Mint 22, kuphatikizapo laputopu yanga ya Windows 11. Ntchito zonse za makasitomala, makhadi a ukwati ndi a chinkhoswe, mapulogalamu a maliro, ma CV, ma assignment a ana a sukulu, timazisunga pa kompyuta imodzi yakale ya m'chipinda cha kuseri, imene ili ndi Ubuntu Server ndi Samba. Mnyamata amene anatikonzera zimenezi anapeza ntchito kutali. Pa kompyuta iliyonse anasiya mzere uwu wolumikizira foda ya pa seva mu fayilo ya /etc/fstab:

//192.168.1.10/ntchito /mnt/ntchito cifs username=shopu,password=xxxxxx,uid=1000 0 0

M'mawa zonse zimayenda bwino, poti seva ndimayamba ndayatsa ndisanatsegule chitseko. Vuto limabwera magetsi akathima masana n'kuyakanso. Atsikana amayatsa makompyuta nthawi yomweyo chifukwa makasitomala amakhala atadikira kale, koma foda ya ntchito imatseguka mulibe kanthu, mpaka tizimitse n'kuyatsanso. Lero ndiye zafika poipa. Mtsikana wanga analemba pulogalamu ya maliro, n'kuisunga mu foda yomweyo, titayatsanso kompyuta fayilo ija osaoneka. Anamfedwa akubwera kudzatenga mawa m'mamawa. Chonde.

Kondwani LL
Pepani mayi. Sevayo ikuchedwa kudzuka basi. Lembani sudo crontab -e muikemo ichi:

@reboot sleep 120 && mount -a

Kompyuta izidikira mphindi ziwiri kenako izilumikiza yokha. Kwathu kuno timachita choncho.

Aphiri a ku Joni
Tiyambe ndi pulogalamu ya maliroyo, zinazo zibwera pambuyo. Mayi, mtima pansi, ndikukhulupirira kuti fayiloyo sinapite kulikonse.

/mnt/ntchito ndi foda wamba ya pa disiki ya kompyuta yomweyo. Kulumikiza kukatheka, za pa seva zimaonekera pamalo pamenepo. Kukakanika, fodayo imangokhala yokha, yopanda kanthu, ndipo ngati mnyamata uja anaipatsa chilolezo cholembamo, zimene ambiri amachita, mtsikana wanu anasunga ntchitoyo pa disiki ya kompyuta yake akuganiza kuti ndi pa seva. Mutayatsanso, foda ya pa seva inabwera n'kukhala pamwamba pake. Zili ngati mwayala mkeka pamwamba pa ndalama, ikadali pansipo.

Pitani pa kompyuta yomweyo imene analemberapo. Tsekani LibreOffice ndi mawindo onse a mafoda. Tsegulani terminal, lembani izi kuti timasule foda ya pa seva tione za pansi pake:

sudo umount /mnt/ntchito
ls -la /mnt/ntchito

Mutiuze zimene zatuluka.

Nachisale
Ikuti target is busy.

Tiyamike UK
Mayi, pali china chake chimene chikugwirabe fodayo. Lembani kaye cd n'kudina Enter, mwina terminal yomweyo yatsegukira mkati mwake. Zikakanikabe, sudo fuser -vm /mnt/ntchito ikuonetsani pulogalamu imene yagwira, muitseke.

Nachisale
Inali PDF ina yotsegula kumbuyo. Ndatseka, umount yatheka.

Ilipo! Ilipo achimwene! Pulogalamu ija ndi iyi, ndiponso pali mafayilo ena a mwezi watha amene tinkati anafufutidwa, ndi CV ya mwana wina amene tinachita kumulemberanso. Mulungu akudalitseni.

Aphiri a ku Joni
Tathokoza. Akopereni onse pa Desktop, kenako sudo mount /mnt/ntchito, muwaike pa seva. Mawa mukapeza mpata muchite chimodzimodzi pa makompyuta atatu enawo, mupezamo zina. Sindikizani kaye ya anamfedwayo, za fstab tikambirana mukapuma.

Lachitatu

Nachisale
Mwadzuka bwanji nonse. Anamfedwa atenga zawo. Pa makompyuta enawo ndapezamonso mafayilo, makamaka pa ya pafupi ndi khomo. Tsopano ndiike ya a Kondwani ija?

Aphiri a ku Joni
Kondwani mng'ono wanga, njira yako imagwira masiku ena, sindikukana. Koma pa shopu ya mayiwa ine sindingaike, ndipo ndifotokoza chifukwa.

Kompyuta ikamayaka, systemd, pulogalamu imene imayambitsa zonse pa Linux yanuyo, imawerenga fstab n'kuona kuti mzerewo ndi wa cifs, choncho imadikira netiweki. Koma netiweki imene imadikirayo ndi ya kompyuta yomweyo, kuti yalandira adiresi. Sifunsa ngati seva yadzuka. Imayesa kamodzi, ikapeza kuli zii imalemba kuti zalephera, ndipo sibwereranso. N'chifukwa chake m'mawa zimayenda koma masana ayi.

Tsono kudikira masekondi 120 ndi kulosera. Seva imene yazima mwadzidzidzi imayamba yaunika disiki yake, ndipo nthawi yake sikhala yofanana tsiku ndi tsiku. Rauta nayo ili ndi nthawi yake. Tsiku lina mayi adzakhala ali ku banki, palibe wokumbukira kuyatsa seva, mphindi ziwirizo zidzatha pachabe. Choopsa kwambiri n'chakuti m'mphindi ziwiri zimenezo foda ija idakali yotsegula, yopanda kanthu, ndipo mtsikana ali ndi kasitomala pamaso. Vuto la dzulo lija libwereranso.

Chimene tikufuna si chakuti foda ilumikizidwe pa nthawi yoyaka. Tikufuna ilumikizidwe pa nthawi imene munthu waifuna. systemd ili nazo kale, dzina lake x-systemd.automount. Ikayaka kompyuta, palibe chimene imakatenga ku seva, imangosunga malowo. Munthu akangodina fodayo, pomwepo ndi pamene imapita ku seva. Ikapeza seva sinadzuke, munthuyo amaona uthenga woti zalephera, osati foda yopanda kanthu. Akadikira pang'ono n'kudinanso, imayesanso. Kuzimitsa n'kuyatsanso kuja kutha.

Kondwani LL
Ndamva akulu. Koma kodi sipafunika noauto ndi _netdev pamenepo? Malangizo ambiri amene ndawerengapo amaika.

Aphiri a ku Joni
Kuziika sikulakwa, koma sizifunika. Lemba man systemd.mount uwerenge, akunena momveka kuti pakakhala x-systemd.automount, auto ndi noauto zilibe mphamvu. _netdev ndi ya zinthu zimene systemd singadziwe yokha kuti zimadutsa pa netiweki, monga disiki ya iSCSI yokhala ndi ext4. cifs ndi nfs imazizindikira ndi dzina.

Tiyamike UK
Musanapitirire akulu, pali chimene chandivutitsa maganizo kuyambira dzulo. Mayi, pasiwedi yanu ili mu fstab. Lembani ls -l /etc/fstab muona kuti ndi -rw-r--r--, kutanthauza kuti aliyense amene wakhala pa kompyutayo atha kuiwerenga, safunika sudo. Shopu ngati yanu, ana a sukulu amakhala okha pa mpando kukonza ma assignment awo. Mwana mmodzi wochenjera, ndiye kuti ali ndi kiyi ya mafayilo a makasitomala anu onse, kuphatikizapo makope a ziphaso ndi masatifiketi amene anthu amabweretsa kudzasikanitsa. Zimenezo anthu anakupatsani chifukwa amakukhulupirirani.

Pangani fayilo yapadera:

sudo nano /root/.chinsinsi

Mulembemo mizere iwiri yokha, popanda mpata kuzungulira chizindikiro cha =

username=shopu
password=yanuyo

Kenako sudo chmod 600 /root/.chinsinsi kuti root yekha, akaunti yaikulu yolamulira kompyuta, ndiye aziwerenga. Ndipo poti yakaleyo yakhala poyera nthawi yaitali, isintheni. Pa seva, sudo smbpasswd shopu. Dziwani kuti pasiwedi ya Samba ndi yosiyana ndi yolowera pa seva, kusintha imodzi sikusintha inzake.

Nachisale
Achemwali, zimenezi sindinkazidziwa n'komwe. Ndisintha lero lomwe.

Aphiri a ku Joni
A Tiyamike anena zoona. Ndiye mzere wonse ukhale chonchi, pa mzere umodzi osaudula:

//192.168.1.10/ntchito /mnt/ntchito cifs credentials=/root/.chinsinsi,uid=1000,gid=1000,nofail,x-systemd.automount,x-systemd.mount-timeout=20,x-systemd.idle-timeout=10min 0 0

Musanakhudze, sungani kope: sudo cp /etc/fstab /etc/fstab.yakale

nofail ndi yoti kuyaka kwa kompyuta kusadalire foda imeneyi. mount-timeout=20 ndi yoti isamadikire masekondi 90 amene systemd imadikira mukapanda kuiuza, chifukwa mtsikana adzaganiza kuti kompyuta yafa n'kuizimitsa pa batani. idle-timeout ndi yoti fodayo ikakhala mphindi 10 osagwiritsidwa ntchito imasuke yokha, kuti seva ikazima kompyuta zisamakakamire pa chinthu chimene kulibe.

Pali kanthu kamodzi kowonjezera. Mukachita umount, foda idakali yopanda kanthu, lembani sudo chattr +i /mnt/ntchito. Zikatero palibe angalembe mu foda ya pansiyo, ngakhale root, koma kulumikiza pamwamba pake kumathekabe. Ndi chitetezo chachiwiri ngati tsiku lina wina wasokoneza fstab.

Pomaliza:

sudo findmnt --verify
sudo systemctl daemon-reload
sudo systemctl start mnt-ntchito.automount
ls /mnt/ntchito

Yambani ndi kompyuta imodzi. Ikatheka ndiye mupite ku zinazo.

Chisomo
Pepani ndafunsa za ana, ndangoyamba kumene Linux. Mukunena Samba, ena SMB, mu mzeremo muli cifs. Ndi zinthu zitatu?

Tiyamike UK
Funsa mwana wa mayi, gulu ndi la zimenezo. SMB ndi njira imene Windows imagawirana mafoda pa netiweki, imadutsa pa port 445. Samba ndi pulogalamu imene imachititsa seva ya Linux kulankhula njira imeneyo, anaiyamba Andrew Tridgell ku Australia mu 1992. cifs ndi mbali ya mu kernel, mtima wa Linux, imene imakatenga foda ya SMB kuchokera kwina. Kuti igwire pafunika phukusi la cifs-utils.

Dalitso Chipata
Moni a ku Malawi. Ine ku lab ya sukulu kuno ndimagwiritsa autofs, ndipo yandisunga zaka zambiri. Maganizo ake ndi omwewo a Aphiri, kulumikiza munthu akafuna. Mu /etc/auto.master:

/mnt/seva /etc/auto.seva --timeout=300 --ghost

Mu /etc/auto.seva:

ntchito -fstype=cifs,credentials=/root/.chinsinsi,uid=1000 ://192.168.1.10/ntchito

Ubwino wake fstab simuikhudza n'komwe, ndipo mafoda akachuluka, ya aphunzitsi, ya ana, ya mayeso, mumangowonjezera mzere. Komanso ngati makina onse ndi a Linux, bwanji osangoika NFS, njira inanso yogawirana mafoda pa netiweki? Inapangidwira zimenezi, kuyambira 1984 ku Sun Microsystems.

Aphiri a ku Joni
Achimwene a ku Chipata, autofs ndi yabwino, ku ntchito kwathu timaigwiritsa pa mafoda a anthu ambiri. Koma mayiwa ali ndi foda imodzi ndipo okonza makompyuta ndi iwo eni pakati pa ntchito zina. Mzere umodzi mu fayilo imene aidziwa kale ndi wosavuta kuukumbukira chaka chamawa kusiyana ndi pulogalamu yatsopano ndi mafayilo awiri. Za NFS, pali laputopu ya Windows, ndipo Samba ikugwira kale. Tisagwetse chimene chaima.

Chokhacho, amene asankhe autofs achotse mzere wa mu fstab. Zonse ziwiri pa foda imodzi ayi.

Dalitso Chipata
Pa foda imodzi ndavomera. Koma ndikuti Chisomo ndi ena ophunzira aidziwe, adzaipeza ku ntchito.

Mphunzitsi Dedza
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Palibe amene wafunsa za adiresi ija, 192.168.1.10. Mayi, kodi inakhomedwa kapena seva imangolandira kwa rauta? Chifukwa ngati ikulandira, tsiku lina magetsi akabwera foni ya kasitomala kapena kompyuta ina itha kuyamba kuitenga, seva n'kupatsidwa ina. Pamenepo ngakhale automount ikagogoda pa nyumba yolakwika. Pa seva lembani cat /etc/netplan/*.yaml, mwina ifuna sudo. Mukaona dhcp4: true ndiye kuti ikulandira.

Nachisale
Aphunzitsi, pali dhcp4: true.

Mphunzitsi Dedza
Ndiye mwakhala mukuyenda mwamwayi. Njira yosavuta, lowani mu rauta, pezani pamene alemba DHCP reservation kapena address reservation, musankhe sevayo muipatse 192.168.1.10 mpaka kalekale. Mutha kukhomanso mu netplan momwemo, koma fayilo ya yaml imavuta pa mipata ya kumayambiriro kwa mzere, mpata umodzi ukalakwika seva imasowa pa netiweki. Pa rauta mpabwino kwa inu.

Chinanso, mu BIOS ya sevayo muli malo olembedwa Restore on AC Power Loss, makina ena amati After Power Loss. Mukaika Power On, magetsi akabwera seva iziyaka yokha osadikira munthu.

Limbani
Apo pokha aphunzitsi sindikugwirizana nanu. Tonse tikudziwa mmene magetsi amabwerera, amayaka, n'kuthimanso, n'kuyakanso, nthawi zina ndi mphamvu yopitirira. Ine ndimakonza makompyuta, ma power supply opserera amene amabwera pa tebulo langa ambiri nkhani yake ndi yomweyo. Ndipo disiki yakale ikamadzuka n'kudulidwa pakati, n'kudzukanso, simukuichitira zabwino. Bola munthu aziyatsa ndi dzanja akaona kuti magetsi akhazikika.

Mphunzitsi Dedza
Nkhawa yanu ndi yoona a Limbani. Koma munthu amaiwala, ndipo seva ili kuseri.

Limbani
Ndiye tikumane pakati. Aike Power On, koma sevayo ikhale kumbuyo kwa fridge guard, kaja timaika pa mafiriji kaja. Kamadikira mphindi zingapo magetsi akabwera, akagwedera kamayambanso kuwerenga. N'kotchipa kusiyana ndi UPS, batire imene imasunga makina ali oyaka kwa kanthawi magetsi akathima. UPS ikadzapezeka ndalama ndiye yabwino koposa, poti imapatsa mpata wozimitsa seva mwaulemu, ndipo rauta muiikenso pomwepo.

Aphiri a ku Joni
Imeneyo ndiye nzeru. Ndipo taona Kondwani, fridge guard ikalowapo seva ichedwa kuposa kale, masekondi 120 aja sakwananso. Ndi automount zilibe kanthu kuti yachedwa bwanji.

Kondwani LL
Ndaona akulu. Kwathunso ndisintha Loweruka.

Lachinayi

Nachisale
Ndachita zonse pa kompyuta yoyamba. Poyamba inkati mount error(13): Permission denied. Ndinaona kuti mu fayilo ya chinsinsi munali mpata kumapeto kwa pasiwedi, nditachotsa yatheka. Rauta ndakonzanso. Koma tsopano laputopu yanga ya Windows ikukana drive Z, pali X wofiira ndipo ikuti pasiwedi ndi yolakwika, osandipatsa polemba yatsopano.

Limbani
Windows yasunga yakale ija mayi. Tsegulani Control Panel, Credential Manager, Windows Credentials. Mupeza mzere wa 192.168.1.10, dinani Edit muike yatsopano. Ngati ikuvutabe, mu Command Prompt:

net use Z: /delete
net use Z: \\192.168.1.10\ntchito /user:shopu * /persistent:yes

Kanyenyeziko ndi koti ikufunseni pasiwedi m'malo moti muilembe poonekera. /persistent:yes ndi chimodzimodzi kuchonga Reconnect at sign-in.

Za X wofiirayo, mudzamuonabe masiku ena ngakhale zonse zili bwino, makamaka laputopu ikakhala pa Wi-Fi, chifukwa Windows imayesa msanga netiweki isanakonzeke. Mukangodina Z imalumikiza. Vuto limakhala pa mapulogalamu amene amafuna Z inu musanaidine, monga Word ikamatsegula fayilo ya pa mndandanda wa zaposachedwa. Ndiye chizolowezi chikhale kuyamba mwadina Z.

Kwa ena amene mafoda anu alibe pasiwedi, dziwani kuti Windows 11 Pro kuyambira 24H2 imakana kulowa ngati guest ndipo imafuna SMB signing. Mankhwala ake si kuzimitsa chitetezocho, koma kupanga akaunti pa seva monga achitira mayiwa.

Nachisale
Z yabwerera, zikomo a Limbani. Poti ndakupezani, ndifunse chinanso. Makina athu ofotokopera ndi akale koma amatha kusikana n'kutumiza mu foda ya pa netiweki. Mnyamata uja analephera kuwalumikiza, timachita kusikanira pa flash n'kumayenda nayo. Zingatheke?

Kondwani LL
Amenewo amadziwa SMB1 yokha, mtundu wakale wa SMB, n'chifukwa chake. Mu /etc/samba/smb.conf pansi pa global ikani server min protocol = NT1 muyambitsenso smbd. Agwira pompo.

Tiyamike UK
Ayi Kondwani, chonde ayi. SMB1 sinatsekedwe mwamasewera. Mu May 2017 vayirasi ya WannaCry inalowera pa bowo la SMB1 ya Windows n'kutseka mafayilo a anthu m'maiko ambiri, kuno ku Britain zipatala za NHS zinabweza odwala. Microsoft inali itatulutsa chigamba mu March chaka chomwecho koma makina ambiri anali asanaikidwe. Kuyambira Windows 10 ya 1709 anayamba kuichotsa, ndipo a Samba anaizimitsa mu 4.11 chaka cha 2019. Pa shopu pamene ma flash a anthu osawadziwa amalowa tsiku lonse, ndipo mwina makasitomala amapatsidwa Wi-Fi yomweyo, ine sindingatsegule.

Kondwani LL
Koma achemwali, bowo limenelo linali la Windows, osati la Samba. Seva ya mayiwa ndi Ubuntu.

Aphiri a ku Joni
Pamenepo Kondwani wanena zoona, WannaCry sinkagwira Samba. Komabe a Tiyamike akulondola pa chiganizo chake. SMB1 ndi yofooka payokha, sibisa zimene zikudutsa pa chingwe, ndipo mzere umenewo umatsegulira seva yonse, osati makina ofotokopera okha. Kutsitsa chitetezo cha mafayilo onse chifukwa cha makina amodzi si malonda abwino.

Mayi, yang'anani pa menyu ya makinawo ngati pali Scan to FTP, njira ina yotumizira mafayilo pa netiweki, ambiri akale ali nayo. Ikakhalapo, tiika vsftpd, pulogalamu yolandirira za FTP, pa seva ndi akaunti yakeyake imene imangoona foda imodzi ya masikani, poti FTP nayo imatumiza pasiwedi poyera. Fodayo ndiye mudzaigawe pa Samba. Koma imeneyo ikhale nkhani ya tsiku lina, timalize kaye iyi.

Ndipo nonse amene mumakopera vers=1.0 kuchokera m'malangizo akale, chotsani. Kernel ya masiku ano imagwirizana yokha ndi seva pa SMB 2.1 kapena kuposerapo. Mukaona mount error(112): Host is down seva ili moyo, kawirikawiri ndi kusagwirizana kumeneku.

Mphunzitsi Dedza
Ndiwonjezere chimene chinatichitikira kuno, mwina chithandiza wina. Seva yathu imasunga mafayilo pa disiki ya USB imene ili mu fstab. Tsiku lina chingwe chake chinagwedera, seva inadikira masekondi 90 n'kugwera mu emergency mode, osafika poyambitsa Samba. Zimenezi zimachitika ndi madisiki a pa makina omwewo, foda ya pa netiweki ikalephera sigwetsa kompyuta choncho. Tinaika nofail, seva n'kumayaka. Koma pamenepo panabuka china, Samba inkagawa foda yopanda kanthu disiki ikasowa, zofanana ndendende ndi zimene zinawachitikira mayi, kungoti ku mbali ya seva. Chimene chinathetsa ndi sudo systemctl edit smbd n'kuikamo RequiresMountsFor=/srv/mafayilo pansi pa gawo la Unit. Tsopano disiki ikasowa Samba siyamba n'komwe, ndipo aliyense amadziwa msanga kuti pali vuto.

Mayi, ngati mafayilo anu ali pa disiki ya mkati mwa seva izi sizikukukhudzani. Koma disiki ya USB muifunebe. Ntchito zonse za shopu zili pa disiki imodzi yakale imene imazimidwa ndi magetsi. Kope yachiwiri ndi yofunika, ngakhale kamodzi pa sabata ndi pulogalamu yokopera ya rsync, mukamaliza muizule n'kupita nayo kunyumba.

Nachisale
Ndamva aphunzitsi. Ndigula mwezi ukatha. Makinawo ali nayo FTP, ndayang'ana.

Aphiri a ku Joni
Musadikire magetsi kuti akuyesereni. Mukatseka shopu, zulani chingwe cha netiweki ku seva, yatsani kompyuta imodzi, dinani fodayo. Iyenera kukana pasanathe masekondi 20, ndipo yesani kusungamo fayilo, ikanenso. Bwezerani chingwe, dinaninso osazimitsa kompyuta. Mafayilo akaoneka, ntchito yatha. China chilichonse chikachitika, tumizani zotuluka pa journalctl -b -u mnt-ntchito.mount

Lachisanu

Nachisale
Ndinayesa dzulo madzulo monga munanenera, pa makompyuta onse anayi. Atatu achita ndendende, kukana chingwe chili chozula, kutseguka nditabwezera. Lero masana magetsi anathimadi, atabwera atsikana anayatsa, anadikira pang'ono seva, n'kupitiriza ntchito osandiitana.

Ya pafupi ndi khomo ndiye ili ndi mavuto awiri. Mafayilo akuoneka koma sikulola kusunga. Ndipo dzulo nditadina kambirimbiri chingwe chili chozula, inasiyiratu kuyesa ngakhale nditabwezera, mpaka ndinaiyatsanso.

Tiyamike UK
Loyambalo, lembani id pa kompyuta imeneyo muli mu akaunti imene atsikana amagwiritsa. Ndikukayikira kuti si 1000. Akaunti yoyamba kupangidwa pa Mint ndi imene imatenga 1000, yachiwiri 1001.

Nachisale
uid=1001 gid=1001. Imeneyi ili ndi akaunti ziwiri, ina ndi ya mnyamata uja.

Tiyamike UK
Ndi pomwepo. Pa kompyuta imeneyo yokha sinthani mu fstab zikhale uid=1001,gid=1001, kenako sudo umount /mnt/ntchito, sudo systemctl daemon-reload, n'kutsegulanso foda. Akaunti ya mnyamatayo ngati saigwiritsanso itsekeni ndi sudo passwd -l ndi dzina lake.

Aphiri a ku Joni
Lachiwirilo ndi malire amene systemd imaika. Chinthu chikayambitsidwa koposa kasanu m'masekondi 10 imachiimitsa, ndipo systemctl status mnt-ntchito.automount ikanakuonetsani mount-start-limit-hit. Zimachitika pamene kukanako kukubwera msangamsanga, monga rauta isanadzuke, munthu n'kumadinabe. Sipafunika kuzimitsa kompyuta:

sudo systemctl reset-failed mnt-ntchito.mount mnt-ntchito.automount
sudo systemctl start mnt-ntchito.automount

Apa mpamene chattr +i ija imagwira ntchito, chifukwa automount ikaima foda ya pansi ija imaonekera, koma palibe angasungemo. Munaiika pa kompyuta imeneyi?

Nachisale
Ndinaika pa onse anayi. Ndasintha 1001, tsopano ikusunga. Atsikana ndawauza kuti ikakana adikire nyali za rauta zikhazikike asanadinenso, ndipo mizere iwiriyo ndailemba pa pepala ndamata mkati mwa kabati. Fridge guard ndigula mawa.

Limbani
Muonetsetse kuti pa fridge guard pakhale seva ndi rauta zokha. Makina ofotokopera musawaikepo, amakoka magetsi ambiri akamatenthetsa.

Aphiri a ku Joni
Za FTP yambitsani nkhani yatsopano Lolemba, mulembe mtundu wa makinawo ndi zimene lsb_release -a ikutulutsa pa seva.